Kamfuti Kamphepo ka Bambo Longwe

"Ndipatse kotsika mtengo, koma kolira mokweza," anatero bambo Longwe uku akusankha timfuti tamphepo pa benchi ya Fyness mumsika.

Ntchito yawo inali yotenga alendo pa boti kukaona nkhwazi ikutola nsomba zimene iwo ankaponya pamadzi. Koma akhwangwala, mbalame zopanda mwambo, anali atayamba kulanda nsombazo, ndipo alendo ankabwerako okhumudwa.

"Ada, kaphokoso aka kadzakuonongerani ntchito," anachenjeza Fyness.

"Mwanawe, ine ndinayamba kupalasa bwato iwe usanabadwe."

Loweruka, pamaso pa alendo asanu a ku Lilongwe, bambo Longwe anaimba mluzu, anaponya nsomba, kenaka anawomba kamfuti kaja m'mwamba kuti aopseze akhwangwala. Nkhwazi imene inali itayandikira inatembenuka n'kuzimiririka kuseri kwa phiri. Khwangwala, pokhala wozolowera phokoso la pa depoti, anatsika mosatekeseka n'kutola nsombayo.

"Kodi nkhwazi yotchukayo ndi imeneyi?" anafunsa mayi wina akujambula.

Bambo Longwe, amene anali atakhala mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri, anayang'ana khwangwalayo n'kuyankha.

"Ndi yomweyo, mayi. Za kuno sizikula kwenikweni."