Galu wa Mwini Sasisitidwa

Clarrie anaimba likhweru kachiwiri, koma galu wake Biddy sanatembenuke n'komwe.

Ine ndinali nditatsamira mpanda pa famu ya nkhosa kufupi ndi tauni ya Hay, pomwe ndinaima masiku ochepa chaka chimenecho. Nkhosa zinkathawira pachipata chotsegula, galu wozikusa ali gone chagada m'fumbi, Merv, mlamu wake wa Clarrie, akumukanda pamimba.

Kumeneko ngakhale mwana amadziwa kuti galu wantchito wa mnzako sasisitidwa. Dzanja lomuyamikira ndi la mwini wake basi, ntchito ikatha.

"Alamu," anatero Clarrie motsitsa mawu, "pokagona kuchipatala paja ndinati muzingomupatsa chakudya ndi madzi."

"Aa, kunkazizira, ndinkangomulowetsako m'nyumba!" anayankha Merv akuseka. "Mpaka nsanje chifukwa cha galu, mdala?"

Clarrie anagwada movutikira n'kutambasula dzanja lomwe linalera Biddy zaka zisanu ndi ziwiri. Galuyo analinunkhiza mwaulemu, ngati la mlendo, kenako anayang'ana Merv kuti amve chochita.

Clarrie anadzuka, nayamba kutsimphina yekha kulondola nkhosa zake.