Injini ya Datuk Kamarul

"Injini yomwe ili m'katimu ndagula ndine," anatero Datuk Kamarul, akusisita msana wa galimoto ngati ng'ombe ya pamsika. "Lamlungu ikamadzalira pa bwalo la mpikisano la Sepang pano, mudzadziwe kuti zikulira ndi ndalama zanga."

Alendo ake asanu ndi atatu anagwedeza mitu. Muniandy, yemwe anagwada pafupi ndi tayala akusalaza chomata, sanagwedeze kalikonse. Anangoyang'ana wotchi. Inali itapitirira 2 koloko, chikhalirecho dokotala wake wa shuga anamulamula kuti azidya 12 ikangokwana.

Ntchito ya Muniandy inali yomata mayina a makampani pa galimoto za mpikisano. Atamata kwa zaka khumi ndi zisanu, ankadziwa mtengo wa malo aliwonse. Phiko lakumbuyo linali la banki, m'mbali munali mwa kampani ya mafoni, pamphuno panali pa ogulitsa mawotchi. Datuk, wogulitsa mafuta ophikira, anagula kamalo kofanana ndi bokosi la machesi, kuseri kwa galasi. M'mawa umenewo anakalipa mpaka Mayi Cheong, woyang'anira alendo olipira, analola kuti dzinalo likule. Linakula kanayi, ndipo kanayi konseko womatula ndi kumatanso anali Muniandy.

Mayi Cheong anali ndi malamulo atatu. M'chipinda cha alendo musaoneke chikwama kapena kanthu kalikonse ka wantchito. Galimoto isatsegulidwe alendo alipo. Datuk akalamula, zichitike. Wophwanya limodzi ankasiya chiphaso chake pachipata n'kukakwera basi ya kwawo.

"Koma alamu," anatero Haji Idris, mlongo wa mkazi wa Datuk, munthu wolankhula motsitsa ngati akufunsa mtengo wa nsomba, "pa TV galimoto izi zimaoneka zakuda theka, ati penti imalemera. Nanga iyi yapakidwa ngati mkwatibwi bwanji?"

"Ndinawauza ndine. Dzina langa silikhala pa chinthu chosasamba."

Datuk anatsamira chigongono pa chivindikiro cha injini, pomwe chinakhala kuyambira m'mawa, n'kukoka mpweya ndi mphuno.

"Mukulimva fungo limenelo? Mafuta amakono amenewo, opangidwa kuchokera ku zomera. Ine ndi wamafuta, mphuno yanga siinama."

"Likumveka ngati la tsabola," anatero Haji Idris.

"Ndiye zomera zakezo."

Njala inali itamugwira Muniandy. Thukuta linatsika m'khosi ngakhale m'chipindamo munkazizira ngati m'firiji. Anaimirira, nazungulira kumbuyo kwa galimoto, nayang'ana chigongono chija. Anatsokomola pang'ono. Chigongono sichinasunthe.

"Iwe, ukuzungulira chiyani ngati ntchentche?" anafunsa Datuk. "Ukuopa kuti ndikanda penti? Ndikakanda ndilipira." Anatembenukira kwa alendo. "Anthu awa. Mpunga womwe amadya umachokera m'thumba mwanga, koma amakuyang'ana ngati galimotoyi anasiya ndi bambo awo."

Alendo anaseka, poti anali atadya zaulere. Foni ya Mayi Cheong inalira, ndipo anatuluka nayo panja.

"Alamu," anatero Haji Idris, "pa ukwati wa mwana wanu Suraya munatilonjeza kuti injiniyi tidzaiona ndi maso athu. Chaka chatha. Ine ndiye ndakalamba ndikudikira."

"Lonjezo langa silivunda." Datuk anachotsa chigongono, nalozera Muniandy. "Tsegula."

"Datuk, lamulo silitilola."

"Lamulo pano ndi ndani?"

Muniandy anayang'ana kuchitseko. Mayi Cheong ankaoneka kupyola galasi, atapereka msana, akulankhula ndi manja. Lamulo lachiwiri linkati asatsegule, lachitatu linkati atsegule, ndipo onse awiri ankathera pa basi. Anakhudza chiphaso chake pachifuwa, nayang'ana alendo mmodzimmodzi.

"Mwamva nonse kuti alamula ndi Datuk?"

"Tamva," anayankha Haji Idris. "Mboni tilipo asanu ndi atatu."

"Fulumira," anatero Datuk. "Zonse zili m'menemo ndinalipira ine. Jambulani, abale, kuti amene sanabwere akalire."

Mafoni anakwera m'mwamba. Muniandy anamasula tizomangira tinayi, natukula chivindikiro.

M'katimo munali zitsulo ziwiri zogwira chigoba, fumbi, ndi kontena ya mpunga ndi nsomba zatsabola. Galimoto yothamanga inali kuseri kwa mpanda komwe chiphaso cha Datuk sichinkafika. Iyi inali yojambulitsa chabe.

"Pepani, Datuk," anatero Muniandy, akutenga kontenayo ndi manja awiri. "Ichi chokha ndinagula ndekha."