Yona pa Khoma la Sukulu

"Faines! Ndinati upake njereza, osati zimenezi!" anakuwa Elifala, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, manja ali kumutu.

Mkazi wakeyo sanacheuke n'komwe. Katondo ali mpaka m'zigongono, ankayendetsa zala pakhoma la sukulu uku akuseka yekha. Chibadwire anali asanajambulepo kanthu.

"Ukujambula chiyani?"

"Kaya! Dzanja likungopita lokha, ine ndikulitsata pambuyo. Tandipatsirani makalawo."

"M'busa wachizungu wa ku mishoni ya Kongwe akudzayendera sukulu lero lomwe lino. Ntchito yandithera ine!"

Asanatunge n'komwe madzi ofufutira, bulu wa m'busayo anatulukira kuseri kwa phiri. Mzunguyo anatsika n'kuima duu, kuyang'ana mizere yofiira ndi yakuda yopiringizana khoma lonse.

"Aa, Yona m'mimba mwa chinsomba!" anatero mokondwa. "Mafunde ndi awa, namondwe ndi uyu. Wajambula ndani?"

Faines analuma nsalu yake kuti phwete lisatuluke. Elifala anawongola kolala.

"Ndine, bwana. Ndinalingalira sabata yathunthu. Mayiwa amangondigwirira mbale."

"Wachita bwino! Sabata yamawa ubwere ku Kongwe, khoma lathu n'lalitali kuposa ili. Udzatijambulire Danieli m'dzenje la mikango, ana onse akuonerera."

Bulu atazimiririka, Elifala anasendera kwa mkazi wake.

"Faines, mkango umayambira kuti, kumutu kapena kumchira?"

Faines anakhala pansi, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe.

"Lingalirani, aphunzitsi. Sabata yathunthu muli nayo."