Kiyi wa Wotchi ya Bambo

Unali mmawa, chifunga chisanachoke mumsewu, pamene telala anaona mlongo wake ataima pakhomo la shopu, atafungatira wotchi yapakhoma ya malemu bambo awo ngati mwana wodwala.

Chigawireni katundu wa malemuwo, awiriwa sankalankhulana. Tsiku la mkangano mlongoyo ananyamula wotchi, telala n'kubisa kiyi woiyendetsera m'chitini cha mabatani. Wotchiyo inaima sabata yomweyo.

"Ndawalota bambo, achimwene," anatero mlongoyo. "Amandifunsa nthawi, ine kusowa chowayankha."

Telala anatenga chitini chija. Anakhuthulira mabatani patebulo, napeza kiyi uja, namulowetsa m'kabowo ka wotchiyo n'kuzungulitsa pang'onopang'ono. Wotchi inatsokomola kaye, kenako inayamba kugunda. M'shopumo munamveka ngati pabalaza pakale paja, bambo akuwodzera pampando.

"Tenga kiyiyu, chemwali. Ndi wako."

Mlongoyo anamufumbatitsanso kiyiyo m'dzanja. "Sungani inuyo. Ikaima ndibwera nayo. Komatu imaima sabata iliyonse, ndiye muzikhala mutagula shuga."

Mlongoyo atachoka, telala anachedwa kupukuta magalasi ake. Kenako anabweza kiyi m'chitini, naponda makina n'kupitiriza kusoka thalauza la kasitomala.