Malaya Onyowa Pachingwe

Ndinabwerera kwathu Lachinayi, nditatha zaka khumi ndi chimodzi kunja. Amayi anamwalira chaka chatha. Maliro awo ndinaonera pafoni, nditavala yunifolomu ya kuntchito.

Titadya chamadzulo, achemwali anandiponyera beseni.

"Bwana wakunja, Chichewa chako chinasintha kale. Nanga manja ukadali nawo? Kaanule zovala kuseriko, kukubwera mvula."

Ndinatuluka. Babu la kuseri linali litapsa. Ndinaanula mopapasa matawulo ndi zovala za ana, zonse zouma gwa. Kenako dzanja langa linagwira malaya onyowa. Madzi anali akudontha.

Ndinaunika ndi foni. Anali malaya anga abuluu. Ndinawasiya pabedi tsiku lotsanzikana, sutikesi itakana kutseka. Anali atayanikidwa chotembenuza, kolala pansi. Panyumba pathu ndi amayi okha ankayanika choncho.

Kuseri kwa shiti yapabedi yomwe inatsala pachingwe, wina anafinya nsalu. Madzi anagwera m'ndowa.

"Bambo, amenewo asiyeni." Anali mawu a amayi. "Ndi a mwana wanga. Ali kunja. Ndikufuna akamabwera awapeze oyera."



"Amayi, ndine. Ndabwera."

Kufinya kunaleka. Pansi pa shiti ndinaona mapazi awiri opanda nsapato akutembenukira kwa ine. Mvula inayamba kuwaza.

"Ayi, bambo," anatero mofatsa. "Pepani. Wanga sayankhula choncho."

Mapazi aja anatembenuka. Kufinya kunayambiranso.