Chikwama cha Gologolo

Padangokhala, kalelo nyama zikadayenda ndi zikwama, Gologolo ndi msuweni wake Nyani anapangana zokwera phiri kukadula nsungwi.

Kunja kunali kowala bwino. Komabe Gologolo analongedza bulangete, machesi okulunga m'pulasitiki, chinangwa chophika ndi wezulo.

"Asuweni, kodi mukusamuka?" anafunsa Nyani. "Tibwererakotu dzuwa lisanapendeke."

"Chifunga chikatipeza kumtunda, mudzandipempha bulangeteli," anayankha Gologolo.

Pachitunda Gologolo anatopa. Nyani anamumvera chisoni. "Bweretsani chikwamacho ndikunyamulireni. Mundipeza pamwala waukulu paja." Anachikoleka paphewa n'kutsogola, poti iye kuyenda pang'onopang'ono sadziwa.

Posakhalitsa chifunga chozizira chinatseka njira. Nyani anafunda bulangete, anakoleza moto, naimba wezulo mpaka masaya kupweteka. Mwina Gologolo ankamva, koma mawu ake ndi aang'ono, ndipo choyankhira analibe.

Nyani anamupeza Gologolo patapita masiku awiri, atadzipinda kunsi kwa thanthwe, pafupi ndithu ndi mwala uja. Anali atauma kale.

Nyani anakapereka chikwama kwa mkazi wamasiye wa Gologolo. Munangoperewera machesi atatu ndi chinangwa.

N'chifukwa chake ana a Gologolo amayenda ndi bulangete pamsana, mchira uja, ndipo sapatsira wina kuti awanyamulire.