Makina Ometera a Bwana Gbenro

"Makina akowo asandikhudze!" Gbenro anakalipira Obiora, wometa tsitsi wa mu Lagos, uku akutulutsa makina akeake m'chikwama. "Umameta aliyense. Ukufuna undipatse kachilombo?"

Kumeta kuli mkati, magazi anayamba kudontha m'mphuno mwa Gbenro.

"Bwana, mphuno yatani?"

"Aa, kapaipi kathu kokokera m'mphuno kokeni, ufa wozunguza bongo uja, n'kakuthwa. Kanaticheka tonse Loweruka."

"Nonse kapaipi kamodzi komweko?"

"Tonse asanu. Koma usaope, onsewo ndi anthu ovala masuti."

"Akuti kachilombo sikalowa kawirikawiri mwanjira imeneyo, komabe magazi ndi magazi, bwana. Kayezetseni kuchipatala, ndi matenda a chiwindi omwe."

"Kuchipatala? Pa benchi yokhalapo aliyense ija?" Gbenro anapukusa mutu. "Iwe Obiora, kusasamala kumeneku kudzakupha."